Agogo atamwalira ndalama za Mtukula Pakhomo zaima: fomu yatsakamira pati?

Funso

Ndimakhala ku Golomoti, kwa Inkosi Kachindamoto. Mayi anga anali pa Mtukula Pakhomo chifukwa ankalera adzukulu anayi, ana a malemu mng'ono wanga, ndipo ankalandirira pa foni. Anatisiya mu Malichi, ndipo chiyambire anawo sanaoneko ngakhale tambala. Pamaliro pomwepo ndinawauza a komiti, iwo anati amva. Kuboma ndapitako. Tsiku lina anati oyenera kundithandiza apita kumudzi, tsiku lina anati netiweki yavuta, ndibwerenso. Bambo wina wa mu komiti akuti ndimupatse ya mayunitsi kuti aziimbira kuboma. Wamkulu mwa anawo ali ndi zaka 17, ali Fomu 2. Kodi mwini dzina akamwalira ndiye kuti zathera pomwepo? Kapena alipo akudya ndalamazi? Nanga kusintha dzina kokha kungatenge miyezi yonseyi?

Mayi wodandaula, Golomoti

Yankho

Amayi, pepani ndi maliro a mayi anu. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Imfa ya mwini dzina payokha siithetsa thandizoli. Mtukula Pakhomo, pulogalamu ya boma yopereka ndalama kwa makomo osaukitsitsa, amalemba khomo lonse, anthu odyera m'poto mmodzi, ndipo agogo ankangolandira m'malo mwa khomolo. Akanakhala kuti ankakhala okha, nkhani ikanathera kumanda. Koma patsala ana anayi, onse osafika zaka 19, ndipo khomo lotere ndi limene pulogalamuyi inabwerera. Chofunika n'kusintha dzina la wolandira.

Tsono m'kalata yanu mawu amene andiimitsa ndi akuti a komiti anati amva. Simunatchule kuti munasainira kapena kudinda chala pa fomu iliyonse. Ngati simunatero, n'kutheka kuti miyezi yonseyi mwakhala mukudikira yankho la pempho lomwe ku ofesi silinafike n'komwe. Ndinagwirapo ntchito m'maofesi a chisamaliro cha anthu, ndipo nkhani zambiri zimene anthu ankati zachedwa zinali zotere: zinanenedwa pakamwa, pamaliro kapena pamsika, wouzidwayo n'kuvomera ndi mtima wabwino, koma pepala osalembedwa. Zili ngati kuchigayo. Thumba limene silinaikidwe pamzere siligayidwa, ngakhale mwini wake atandale pakhonde mpaka dzuwa kulowa.

Nkhani ngati yanuyi ili ndi njira yake, ndipo mukaidziwa mudziwanso pofunsa. Midzi ingapo yoyandikana imaphatikizidwa kukhala kilasita imodzi, ndipo pa kilasita iliyonse pali komiti ya anthu ongodzipereka, imene m'mabuku amaitcha CSSC. Pakhomo pakasintha kanthu, kaya imfa, kaya kwabadwa mwana, kaya mwana wakhoza mayeso wapita ku sekondale, pamalembedwa fomu yodziwitsa za kusinthako. Fomuyo imadutsa kwa mlangizi wa m'deralo, amene amayenera kutsimikiza kuti zolembedwazo n'zoona, ndipo nthawi zina amafika pakhomo penipeni. Kenako imakwera kuboma. Kumeneko wina amailowetsa mu kompyuta, wina wamkulu n'kuivomereza. Anachita dala kuti wolowetsa asakhale yemweyo wovomereza, poopa kuti munthu mmodzi angamalembe abale ake kapena maina a anthu oti kulibe. Zikavomerezedwa, dzina latsopano limapita kwa amene amalipira kuti atsegule akaunti yogwirizana ndi chiphaso cha unzika cha wolandirayo. Pomaliza dzinalo lidikire mndandanda wa malipiro otsatira, chifukwa mndandanda ukatsekedwa sautsegulanso pofuna munthu mmodzi. Fomu ikachedwa ndi tsiku limodzi lokha, khomo limadikira ulendo wina wonse.

Pa masitepe onsewa fomu ikhoza kugona. Ndikuuzeni zimene zimaigoneka kawirikawiri, chifukwa si zimene anthu amaganiza. Woilowetsa amatsegula katoni yomwe yabwera panjinga yamoto, mapepala ena atanyowa m'mbali. Atenga imodzi. Pamalo pa nambala ya khomo palibe kanthu, angolembapo dzina la agogo ndi mudzi, pamene m'mudzimo a NaPhiri alimo anayi. Atenga ina. Pa fomu alemba dzina la mfunda limene mayiyo amadziwika nalo, koma pa chiphaso pali dzina la ubatizo ndi la bambo ake. Ina fotokope ya chiphaso yada bii, nkhope ndi manambala osaoneka. Ina chaka chobadwa cha mwana chikusiyana ndi chimene chili mu kaundula. Woilowetsayo sangapeke. Amaziika pambali kuti mlangizi akabwera adzabwerere nazo kumudzi, ndipo mlangiziyo abwera mafuta akapezeka. Mwini fomu sauzidwa kanthu. Iye kwawo akungowerenga miyezi, n'kumati kuboma akudya ndalama zake.

Za anthu ogwira ntchito, tiyeni tiwerengetse limodzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 830,512 m'boma lanu la Dedza. Mtukula Pakhomo amatenga makomo khumi pa zana lililonse, osaukitsitsa komanso osowa munthu wamphamvu zogwira ntchito. Ngakhale muwerengetse mochepetsa bwanji, mupeza makomo opitirira zikwi khumi ndithu, omwazikana kuyambira kunyanja kwanuko, kukwera mapiri a kwa Tambala ndi kwa Chauma, mpaka kwa Kachere m'malire a Mozambique. Makomo amenewa ndi a okalamba, odwaladwala, aulumali ndi ana amasiye. Ndiye kuti ndi makomo amene imfa imachezako kuposa ena onse, ndipo ana amasamukasamuka. Palibe sabata imene ingadutse popanda mafomu atsopano. Oikidwa kuti aziona za Mtukula Pakhomo yekha pa ofesi ya boma amakhala ochepa, oti mukhoza kuwawerenga ndi zala.

Ndipo ofesi imeneyi, ya chisamaliro cha anthu, sinakhazikitsidwire Mtukula Pakhomo. Inalipo kale ndi katundu wake. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati mwana akagwidwa ndi apolisi, wa ofesi imeneyi ayenera kufufuza za kwawo ndi makulidwe ake n'kupereka lipoti ku bwalo la milandu ya ana. Woweruza akaika tsiku, tsikulo silisunthika chifukwa cha katoni ya mafomu. Mwana akagwiriridwa, wa ofesi yomweyi amakhala naye kuchipatala ndi kupolisi. Khanda likatayidwa, amaitana iwowa. Maukwati a ana, amene Inkosi Theresa Kachindamoto inatchuka dziko lonse powathetsa, amathera pa desiki yomweyo, chifukwa mtsikana akachotsedwa kubanja pamafunika womubwezeretsa kusukulu ndi womulondola. Onjezani sukulu za mkombaphala, nkhani za anthu achialubino, okalamba onamiziridwa ufiti, ndiponso anthu ozembetsedwa, poti Dedza ili pa msewu wa M1 komanso pachipata cholowera ku Mozambique. Mitsinje ikasefukira kuchigwa kwanuko, onse amathamangira kumisasa. Miyezi ya njala ikafika, kaundula wa olandira chimanga amafunanso manja omwewo. Ndiye pamene anakuuzani kuti apita kumudzi, ine sindikukayika kuti ananena zoona.

Pulogalamuyi inayamba ngati yoyeserera ku Mchinji mu 2006. Pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28, ndipo m'zaka zotsatira inkafikira makomo pafupifupi 300,000. Kukula kwa ntchito kunathamanga kuposa kulemba anthu ntchito. Sukulu ya Magomero ku Chiradzulu imaphunzitsa alangizi a chitukuko ndi a chisamaliro cha anthu, koma kumaliza maphunziro ndi kulembedwa ntchito m'boma ndi zinthu ziwiri. Wina akapuma, akasamutsidwa kapena akapita kukawonjezera maphunziro, mpando wake umakhala wopanda munthu nthawi yaitali, ndipo dera lake amangomusenzetsa mnzake amene ali kale ndi lake.

Koma ndisawayeretse onse. Pali chizolowezi china chimene chimandinyansa m'maofesi ambiri a boma. Ntchito imene ili ndi alawansi imapeza anthu msanga. Kukakhala msonkhano wa masiku atatu kunyanja, galimoto imapezeka, mafuta amapezeka, ofesi imatsala ndi mlonda ndi wophunzira ntchito. Kulowetsa mafomu mu kompyuta kulibe alawansi, kulibe wojambula chithunzi, ndipo palibe mlendo wochokera ku likulu amene amafunsa kuti fomu yakale kwambiri m'katonimu yakhala masiku angati. Amafunsa kuti makomo angati alandira. Khomo la adzukulu anuwo silioneka pa chiwerengero chimenecho, chifukwa mu kompyuta agogo akadali moyo. Kuchepa kwa antchito ndi vuto loona, koma kusauza munthu pamene fomu yake yaima sikufuna antchito ambiri. Kumangofuna buku lolemberamo mafomu ofika ndi munthu wofuna kuliyang'ana.

Za netiweki nazonso zili pawiri. Kaundula wa Mtukula Pakhomo ndi mmodzi dziko lonse, ndipo ofesi ya boma imamufikira kudzera pa intaneti. Magetsi akazima kapena intaneti ikadula, wogwira ntchito sangaone dzina lanu, sangalowetse kanthu. Zimenezo n'zoona. Koma netiweki siletsa cholembera. Tsiku limene munapitalo akanatha kukupatsani fomu, kuilemba, kuidinda, n'kukulemberani pakapepala kuti ailandira. Mukadzauzidwanso za netiweki, muyankhe mwaulemu kuti, "Zikomo bwana, poti ndachokera kutali, ndilembereni fomu ndisiye, mudzalowetsa ikabwera." Palibe chifukwa chomveka chokanira pempho limeneli.

Musanakwerenso phiri la Khwekhwelere kupita kuboma, chitani zinthu ziwiri kwanu komweko, ndipo zonse n'zaulere. Choyamba, funsani anzawo a malemu a mu kilasita yomweyo kuti chiyambire Malichi alandira kangati. Ngati onse akudandaula, ndiye kuti vuto si la khomo lanu lokha. Ndalama zachedwa kuchokera kumtunda, ndipo zimenezo zimachitika. Musafananize ndi abale anu a ku Kasinje kapena ku Sharpe Valley, ngakhale ndi pafupi. Kumeneko ndi ku Ntcheu, kumene kwa zaka zambiri thumba lake lakhala lochokera ku dziko la Ireland, pamene la Dedza limachokera ku World Bank kudzera ku bungwe loona za ndalama za makhonsolo la National Local Government Finance Committee. Masiku olandirira sangafanane. Koma ngati a mu kilasita yanu akulandira, inu nokha ayi, pamenepo nkhani ndi ya khomo lanu.

Chachiwiri ndi chimene ndikufuna muchiganizire mofatsa. Kodi simukhadi ya agogo ili kuti? Ngati imfa yawo sinalowe mu kompyuta, palibe chimene chaimitsa malipiro. Ndalama zikhoza kukhala kuti zakhala zikulowa mu nambala yawo ulendo uliwonse. Mwina simukhadiyo ili m'chikwama cha zovala za malemu chimene sichinamasulidwe, ndalama zili momwemo. Mwinanso foni inatengedwa ndi wachibale tsiku la maliro, ndipo agogo ambiri nambala yachinsinsi sasunga okha. Amauza mdzukulu, mkamwini, kapena ejenti amene amawatulutsira ndalama. Ndaonapo banja likutukwana a komiti ndi a boma miyezi yambiri, pamene wotulutsa ndalama ankadya nawo nsima madzulo aliwonse. Sindikuti kwanu zili choncho. Ndikuti funso lakuti alipo akudya ndalamazi liyambire pa simukhadi, lisanafike kuboma. Ipezeni, muiike mu foni pamaso pa a mfumu kapena a komiti awiri, muone mauthenga ndi ndalama zotsala.

Mukapeza kuti ndalama zilimo, mudzayesedwa kuti mungokhala chete, muzitulutsa m'dzina la malemu, poti ana akufunika kudya ndipo kusintha dzina kukuvuta. Ambiri amatero. Ine sindingakulangizeni zimenezo. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni imalembetsedwa pa chiphaso cha mwini wake, ndipo tsiku limene simukhadiyo idzatsekeke kapena kutayika, palibe amene angakaibwezeretse popanda mwini chiphaso. Komanso akadzabwera otsimikiza maina n'kupeza kuti wolandira anamwalira kale ndipo wina wakhala akutulutsa mwakachetechete, nkhaniyo imaoneka ngati chinyengo, ndipo ovutika adzakhala ana omwewo. Nenani zimene mwapeza, zilembedwe, ndipo a ofesi akuuzeni mmene ndalama zotsalazo zifikire anawo.

Tsopano za fomu. Nyamulani kalata ya a mfumu yokhala ndi chidindo, yonena tsiku limene agogo anamwalira, maina ndi zaka za ana otsala, ndi dzina la amene banja lagwirizana kuti azilandira. Ngati anamwalirira kuchipatala kapena munalembetsa imfayo ku NRB, ofesi yopereka ziphaso za unzika, pepala limenelo lipite nawo. Pezani khadi kapena kabuku ka Mtukula Pakhomo ka malemu, chifukwa pamenepo pali nambala ya khomo, ndipo nambala imeneyo ndi imene kompyuta imadziwa. Chiphaso cha wolandira watsopano chikhale chosatha masiku, fotokope yake yowala bwino, ndipo dzina pa fomu lilembedwe chilembo ndi chilembo monga lilili pa chiphasopo, ngakhale kumudzi palibe amene amamuitana choncho. Nambala ya foni ikhale yolembetsedwa m'dzina la yemweyo, osati la amuna ake kapena la mnansi. Pitaninso kwa aphunzitsi aakulu akulembereni kuti anawo akupita kusukulu ndi makalasi awo, chifukwa kuwonjezera pa ndalama zimene zimatengera kukula kwa khomo, pali kena ka mwana aliyense wa ku pulayimale, ndi kokulirapo ka wa ku sekondale. Mapepala enieni musasiye, siyani mafotokope. Fomu ikalembedwa, ijambuleni ndi foni, ndipo mu kope lembani tsiku ndi dzina la amene wailandira.

Funsaninso ngati polembetsa paja agogo anatchula wowaimirira, munthu wololedwa kuwalandirira akadwala. Ngati alipo ndipo ndi wokhulupirika, dzina lake ndi chiphaso chake zili kale mu kaundula, ndipo zimenezi zimafupikitsa ntchito.

Nanga wolandira akhale ndani? Mwana wa zaka 17 uja akhoza kukhala ndi chiphaso cha unzika, poti chimaperekedwa kuyambira zaka 16, ndipo makomo otsogozedwa ndi ana ndi ena mwa amene pulogalamuyi imawaika patsogolo. Ngati chiphasocho alibe, akalembetse msanga, chimuthandiza pa zambiri. Koma kuti iye akhale wolandira kapena pakhale wamkulu womuimirira, zimenezo mukambirane ndi mlangizi atafika pakhomo. Langizo langa n'lakuti musasankhe munthu chifukwa ndi malume kapena chifukwa ndi amene amalankhula kwambiri pamilandu ya banja. Sankhani amene anawo akasowa ufa amathamangira kwa iye ngakhale lero.

Pali nkhani ina imene mabanja ambiri saiganizira mpaka itawapweteka. Maliro akatha, mwambo wathu ndi kugawana ana: uyu apite kwa azakhali ku Mtakataka, uyu kwa amalume ku Lilongwe, awiri atsale. Ndi chikondi, koma m'maso mwa pulogalamuyi khomo lija likhoza kuoneka kuti latha, chifukwa anthu odyera m'poto mmodzi aja kulibenso. Chimodzimodzi mukawatenga onse n'kuwalowetsa m'nyumba mwanu. Muyeso wake ndi wakuti khomo likhale lopanda munthu wamphamvu wa zaka 19 mpaka 64, kapena ngati alipo, akhale kuti aliyense akusenza anthu opitirira atatu. Ngati inu ndi amuna anu muli amphamvu, adzawerenga ana anu ndi anayiwo pamodzi n'kuona ngati khomo latsopanolo likukwanira pa muyesowo, komanso ngati lili losaukitsitsa. Sindikukuuzani kuti musiye ana okha m'nyumba pofuna kusunga dzina, ndipo sindikukuuzani kuti munamize mlangizi. Chitetezo cha anawo, makamaka ngati pali atsikana, chiposa ndalamazi. Ndikungofuna kuti banja likamagamula, lidziwe zotsatira zake, ndipo limufunse mlangizi lisanasamutse mwana aliyense.

Za bambo wa mayunitsi uja, musapereke. Ntchito yonse ya Mtukula Pakhomo, kuyambira fomu mpaka kusintha dzina, ndi yaulere. Ndikudziwa kuti a komiti salandira malipiro a pamwezi, ndipo ambiri amayenda mitunda pa njinga zawo n'kuimba mafoni ndi mayunitsi awo. N'kutheka kuti bamboyo sakufuna kukuberani, wangotopa. Koma inu mukapereka, mwaika mtengo umene mayi wina wosauka kuposa inu adzauzidwa mawa. Mupempheni nambala ya mlangizi, muimbe nokha iye ali pomwepo, mufunse tsiku limene adzafike m'deralo. Akakana kukupatsani nambala, kapena akanena kuti popanda kangachepe dzina silisintha, pamenepo si za mayunitsinso, ndi ziphuphu. Kauzeni a komiti yoona za madandaulo ya m'dera lanu ndi mkulu wa ofesi kuboma. Bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB nalonso limalandira nkhani zotere.

Pa ndalama za miyezi yapitayi, dziwani kuti kusintha dzina ndi kufunsa zotsalira ndi mapempho awiri. Ambiri amalemba loyamba lokha, dzina likasintha n'kulandira za ulendo umodzi, n'kumadabwa kuti zakale zija zili kuti. Pemphani kuti dandaulo la malipiro lilembedwe palokha, lotchula miyezi imene anawo sanalandire. Ngati mu kompyuta mukuoneka kuti ndalamazo sizinatuluke, pali poyambira. Koma ngati zinalowa mu nambala ya agogo ndipo wina anazitulutsa, ku ofesi zimaoneka kuti khomo linalipidwa, ndipo sadzalipira kawiri. Imeneyo imasanduka nkhani ya banja, ya kwa mfumu, kapena ya kupolisi.

Ulendo wa kuboma uchepetseni. Kuchoka ku Golomoti, kukwera phiri mpaka pa Masasa, kukafika ku Dedza n'kubwerera, thiransipoti yokha ikhoza kudya gawo lalikulu la ndalama zimene mukulondolazo. A ofesi amakhala ndi masiku otsikira ku makilasita kukamva madandaulo ndi kusintha za m'kaundula, ndipo pamenepo ndi pamene fomu imalembedwa mlangizi, a komiti ndi a mfumu ali pamodzi, zolakwika n'kukonzedwa pomwepo. Funsani tsiku limenelo. Ngati n'kofunikadi kukwera, imbani kaye mutsimikize kuti woona za Mtukula Pakhomo alipo, ndipo musapite sabata imene akukonza malipiro, chifukwa nthawi imeneyo aliyense mutu uli pa mndandanda.

Mukafika, musafunse kuti "nkhani yanga ija ili pati?" Funso lotere yankho lake ndi "tikukonza," ndipo mubwerera chimodzimodzi. Perekani nambala ya khomo n'kufunsa motsatana: kodi fomu inafika, tsiku liti? Kodi inalowetsedwa mu kompyuta? Kodi yavomerezedwa? Kodi dzina lapita kwa olipira? Nanga lidzaoneka pa malipiro a mwezi uti? Funso lililonse lili ndi inde kapena ayi, ndipo pamene pabwere ayi woyamba ndi pamene fomu yanu yagona. Wogwira ntchito wotopa amathandiza msanga munthu amene wamupeputsira ntchito chonchi, chifukwa sakufunika kufukula katoni yonse. Kukalipa pakhomo la ofesi kumangopangitsa kuti akuzembeni ulendo wotsatira.

Fomu ikalembedwa bwinobwino, malipiro n'kudutsa maulendo awiri popanda kusintha kapena kufotokozeredwa chifukwa, musadikirenso. Lembani kalata kwa bwanamkubwa wa boma, pakuti ofesi imeneyi ili pansi pa khonsolo. Ikhale yaifupi: nambala ya khomo, tsiku la imfa, tsiku limene fomu inaperekedwa ndi amene anailandira, maina a ana, ndi chimene mukupempha. Lembani ziwiri, imodzi akudindireni kuti alandira, mubwerere nayo. Chichewa n'chokwanira, simukusowa wokulemberani Chingerezi. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woti ofesi ya boma imuchitire zinthu mwachilungamo ndi motsata ndondomeko, komanso kuti imupatse zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chake chikumukhudza. Ndiye ngati ayankha kuti khomolo lachotsedwa, pemphani kuti akulembereni chifukwa chake, chifukwa pepala limenelo ndi limene mungachitire nalo apilo. Khansala wa dera lanu mumupatseko kope la kalatayo. Zonsezi zikakanika, ofesi ya Ombudsman inakhazikitsidwira nkhani zenizeni ngati zimenezi, za kuchedwetsa ndi kusayankha kwa maofesi a boma, ndipo kukadandaula kumeneko salipiritsa.

Pamene mukudikira, mwana wa Fomu 2 uja asakhale pakhomo chifukwa cha fizi. Ofesi yomweyi ndi imene imafufuza ndi kulemba ophunzira osowa amene akuyenera kuthandizidwa ndi ma bursary a ku khonsolo ndi a mabungwe, ndipo imeneyi ndi nkhani yosiyana ndi Mtukula Pakhomo, siidikira kuti dzina lisinthe. Aphunzitsi aakulu a pasukulu pake alembe kalata yofotokoza kuti womulipirira anamwalira, a mfumu adindepo, muipereke tsiku lomwelo limene mukupereka fomu. Muwapemphenso aphunzitsiwo kuti asamubweze pamene pempholo likuyenda, ndipo mlangizi woteteza ana wa m'dera lanu alembe ana anayiwo m'buku lake, kuti pakabwera thandizo la chakudya miyezi ya njala, khomo limeneli lisadumphidwe.